Masamba amene ndinachotsa pamsewu

Amayi, kodi kumeneko mwadzukako bwanji?

Kuno tili moyo, koma ine mwana wanu Esinala ndili pa mlandu. Adzukulu anena kuti pakhomo pathu pakagwa zovuta sabwera kudzakumba manda. Mng'ono wanu a Nasibeko chiyambire nthawi yokolola sakudzuka pamphasa, phala akungolawa. Ndiye mawu amenewo sindikuwatenga ngati nthabwala.

Ndiyambe ndi zabwino, mungati ndimangolemba zolira. Achimwene akadali pantchito kubwalo la ndege ku Chileka, ndipo alamu abereka mwana wamkazi, mphuno yanu yeniyeni. Chimanga chinapsa ndi ng'amba, koma nandolo watipepesa.

Mlanduwu wabwera ndi mpikisano wa magalimoto uja. Munkatiuza kuti unayamba muli namwali, azungu a m'maesiteti akuthamangitsana pamsewu wafumbi wochokera ku Chileka kukatulukira ku Lirangwe, nkhuku za eni zikuferapo. Poti nyumba yathu ili pakona ya chulu, pomwe woyendetsa saona kutsogolo, anakupatsani mbendera yofiira ndi wenzulo kuti muziingitsa ana ndi mbuzi. Zaka zosowa mafuta mpikisano unazilala, mbendera n'kumavundikira dengu la ufa. Utabwerera unali utakula. Pano ndi gawo la mpikisano wa dziko lonse, amawerengera mapointi, ndipo oyendetsa ena ndi anyamata a ku Ndirande. Inu mutatisiya mbendera anapatsa ine, n'kuwonjezera ovaova, kawailesi kam'manja kolankhulira ndi akuluakulu a mpikisano.

Chaka chino tsiku lake linagundana ndi maliro a bambo Chikaonda, mkulu wa mpingo uja. Manda, monga mudziwa, ali tsidya lina la msewu. M'mawa ndinapita kusiwa kukapempha kuti mwambo udikire magalimoto athe. Anamfedwa anandiyankha kuti maliro sadikira masewera, ndiponso kuti galimoto iliyonse ikaona masamba pamsewu imachepetsa liwiro. Ndinawakumbutsa mawu anu aja, akuti galimoto ya mpikisano ilibe maso, ili ndi miyendo yokha. Sanasinthe maganizo.

Masana anyamata anadula nthambi za mango, zonenepa ngati mkono wangawu, n'kuziyala pakona penipeni. Ndinaitana pa ovaova. Akuluakulu anati aimitsa otsala onse, koma galimoto imodzi yanyamuka kale ndipo alibe njira yoibweza. Mbendera woyendetsa akanaiona atakhota kale, chifukwa cha chulu chija. Kumtunda nyimbo ya amayi a Mvano inali ikutsika ndi bokosi, kumunsi injini ikulira, ikuyandikira. Ndinadziwa kuti galimotoyo ikaponda nthambi zija igubuduzikira m'khamu la anthu.

Ndinathamanga n'kuyamba kukoka masamba a maliro ndi manja angawa, mudzi wonse ukuona. Kenako ndinakaima kutsogolo kwa bokosi, mbendera chotambasula, wenzulo pakamwa. Nyimbo inaduka. A Yohane, mwana wa malemu, anandigwira pamkono.

"Iwe Esinala, mpaka kuwatsekera njira bambo anga?"

Nthawi yomweyo galimoto inatulukira pachulu n'kudutsa. Timiyala tinauluka, fumbi linakuta nsalu yoyera ya pabokosi. Palibe amene anavulala. Palibenso amene anati zikomo. Anapukuta nsaluyo, n'kuwoloka mwakachetechete, ine ndikutsatira kumbuyo ndekha.

Inu munkati linda madzi apite ndipo uziti ndadala. Galimoto inapita, koma madzi akadali m'khosi. Loweruka likubwerali andiitana kubwalo. Akuti ndipepese ndi mbuzi, ndibwezenso mbendera kwa eni ake, apo ndiye adzukulu abwerera pakhomo pathu.

Mbuziyo ndipereka ndi mtima wonse. Masamba a maliro sachotsedwa maliro asanaikidwe, ndinaphwanya mwambo, ndipo a Yohane ndikawagwadira. Koma mbendera yandivuta. Ndikaibweza mpikisano susiya kudutsa pano. Adzangoikapo mlendo wa m'tauni, wosadziwa kanjira kamene ana amatulukira pothamangira kumjigo, kapena nthawi imene ng'ombe zimawoloka. Ndikakana kuibweza, a Nasibeko, amayi anga aang'ono, akhoza kugona m'nyumba opanda wowakumbira. Ndinawafotokozera zonse dzulo ndikuwamwetsa phala. Anatembenukira kukhoma, ndipo ndikuopa kwambiri.

Ndaganiza mpaka mutu kupweteka, Amayi. Mbendera sindibweza. Ngati adzukulu akanitsitsa, ndikukulonjezani kuti mng'ono wanu sadzagona kutali ndi inu. Khasu lanu likadali kuseri kwa chitseko, ndipo ndidzakumba ndekha, ngakhale mkazi sakumba manda.

Ndimakukondani ndipo ndimakusowani tsiku ndi tsiku.

Ndine mwana wanu,
Esinala