Foni Mwapita Nayo Kothamanga

Bambo a Tithokoze,

Mukabwera kothamanga kwanuko simutipeza. Mwana wadzuka thupi lili moto, akungosanza. Ndimati ndiimbire wakabaza, koma foni imodzi yomweyi ya m'nyumba muno mwaimangirira pamkono kuti izikuwerengerani makilomita. Ndiye ndikumubereka mpaka kumsewu, mwina tipeza chokwera chopita kuchipatala ku Ngabu dzuwa lisanatiwambe.

Mbuzi sindinatsekulire. Mukazimangirire kutali ndi mapira a eni ake. Madzi mumtsuko mulibe, ndipo pepani, phala lomwe mumalipeza mukabwera thukuta lili kamukamu lero kulibe.

Mukatha mutitsatire. Mtunda wake ndi womwewo mumathamanga m'mawa uliwonse popanda wokuitanani. Lero tione ngati miyendoyo imadziwanso njira yopita kumene kuli mwana wanu.

Ndine Evelesi