Abambo Sakwera Njinga Yamoto

Wokondedwa mchimwene wanga,

Ndikhulupirira kalatayi ikupeza uli wamphamvu. Amayi adzuka bwanji ndi maso awo aja? Nanga mlamu wanga ndi kamwana? Za abambo sindikufunsa iwe lero, ndipo ukamawerenga udziwa chifukwa chake.

Ine kuno ndili bwino, kungoti fungo la guluu wa kufakitale yathu ya nsapato landipatsa kachifuwa kosamva mankhwala. Ndinasamuka m'chipinda chonyowa chija. Chatsopanochi chili pamwamba, masitepe ake ngothyola mawondo, ndipo woyandikana naye amatsegula wailesi ngati tonse ndife agonthi. Komabe dzuwa limalowa ndipo zovala zimauma.

Ndasankha kulemba m'malo moimba foni, chifukwa pafoni umandiseketsa nkhani isanathe, ine n'kuiwala kuti ndakwiya. Lero umva mpaka kumapeto.

Ndikukumbutse pomwe tinayambira. Adokotala atanena kuti shuga wachititsa dzanzi mapazi a abambo, ndiponso kuti chidendene chakumanja chisamaponde pouma, ndinapempha kapitawo wathu kuti andilole kuyesa kusoka nsapato yomwe inkandizungulira m'mutu. M'chidendene ndinaikamo kamtsamiro, kumbuyo kwake n'kuikako kawilo kakang'ono. Ukakapotoza kumanzere kamtsamiro kamafewa, ukakapotoza kumanja kamalimba. Ndinkafuna kuti abambo azidzisinthira okha, m'mawa mwina, madzulo phazi likatupa mwina, poti moyo wawo wonse akhala chilili kumbuyo kwa mpando wometera anthu. Kapitawo anavomera, nandipatsa zotsalira za chikopa ndi labala. Anangoti nsapatozo zikavalidwa miyezi ingapo zibwerere kuno, tizione mmene zadyekera, chifukwa ndi mmene timadziwira pofunika kukonza.

Iwe ndiye unali pakamwa pa abambo. Lamlungu lililonse unkandiuza zomwe anena. Unati akuti kumbuyoko kwafewetsa, phazi likumira. Unati akuti ngakhale apotoze kawilo mpaka kumapeto, sikukulimbabe mokwanira. Unkachita kuwayeseza mawu, mpaka kakutsokomola kawo kaja, ine kuno n'kumaseka ngati chitsiru. Zinkandidabwitsa ndithu kuti munthu wodwala chidendene azifuna pouma, koma ndinkati mwini phazi ndiye amadziwa. Ndinayamba peyala yachiwiri motsatira mawu amenewo.

Katoni ya nsapato zoyamba zija inafika Lachiwiri. A dalaivala a lole anaibweretsa okha mpaka pageti la fakitale, ine n'kukwera nayo masitepe chothamanga. Ndinaitsegulira patebulo lodulira, pamaso pa kapitawo ndi mayi wina wodula zikopa, yemwe amafunsa za abambo tsiku ndi tsiku ngati ndi akeake. Unazichapa bwino, unazipakanso polishi, apo pokha ndikuyamikire.

Kapitawo anazitembenuza, nayang'ana kusoli. Kenako analoza pamwamba pa chala cha nsapato yakumanzere, pomwe chikopa chinakumbika kamzere kakuda. Anandifunsa mwaulemu wonse ngati abambo anga, pa msinkhu wawowo, amakwerabe njinga yamoto, chifukwa pamenepo ndi pomwe pamakhuza giya. Mayi uja anaphulika kuseka, koma ataona nkhope yanga anadzigwira pakamwa.

Ndinazilanda m'manja mwake kuti ndidzionere ndekha. Soli yakumanja yadyeka cham'mbali, mmene umapondera iwe chiyambire kuyenda, ndi phazi lako loloza kunja ngati la bakha. Kumbuyo kwapindika chifukwa umavala osamasula zingwe, khalidwe lomwe amayi anakukalipira mpaka kutopa nalo. Tiwilo tonse tiwiri tapotozedwa kumanja mpaka kuuma. Abambo amayenda modekha, amamasula zingwe atakhala pansi, ndipo njinga yamoto sanaigwirepo chibadwire. Ndinakuona iweyo wathunthu m'nsapato zimenezo, ndipo manyazi anandigwira.

Nthawi yopuma ndinatsika pabwalo n'kuimbira abambo. Anati nsapato zili bwino mwana wanga, monga amanenera nthawi zonse. Nditatchula za giya anaulula kuti anakupatsa okha sabata yoyamba yomweyo. Anati ndiwe umadzuka m'mamawa kukanyamula anthu panjinga yamoto kuti pakhomo padyedwe, zako zinali zitang'ambika, ndipo nkhalamba sifunika nsapato zokongola. Anandipempha kuti ndisakukalipire.

Amayi ndiwo anatenga foni n'kutuluka nayo panja, nandiuza zenizeni motsitsa mawu. Anati miyezi yonseyi abambo akhala akuyendera nsapato zakale zouma zija. Chidendene chinang'ambika, tsopano pali chilonda, ndipo mwiniwake sakuchimva kupweteka. Amangochimanga ndi kansalu. Kumalo ometera anasiya kupita, makasitomala awo akale amachita kuwatsatira pakhonde. Ndinakhala pa sitepe foni ili m'manja mpaka belu linalira.

Mvetsetsa bwino, mchimwene wanga. Zoti unavala nsapatozo si zimene zandipweteka kwambiri. Ukanandiuza kuti zako zatha, ndikanakusokera zakozako, n'kuikapo kachikopa kokhuthala pomwe pamakhuza giya. Ntchito ya masiku ochepa imeneyo. Ukanangonenanso kuti abambo akuti zili bwino n'kulekera pomwepo, bwenzi ndikuti unachita manyazi, ndipo ndikanakumvetsa.

Koma iwe unkandituma. Unkamva phazi lako likumira poliza injini, n'kutenga dandaulo limenelo kuliika m'kamwa mwa abambo kuti ndikukonzere. Peyala yachiwiri inali itatha kale, ili pashelefu kudikira lole, chidendene chake cholimba ngati thabwa. Ikanafika kumeneko, abambo n'kuivala tsiku limodzi kuti andisangalatse, ikanawadya chilondacho iwo osamva kanthu. Ndikanawavulaza ndi manja angawa, ndikuganiza kuti ndikuwamvera. Kodi zimenezi unaziganizirapo, kapena unkangodikira nsapato zatsopano?

Nonse atatu munandiphimba m'maso, ndipo zandiwawa. Kuno ndimatama banja lathu kwa aliyense, kuti ngakhale ndili kutali chilichonse cha pakhomo ndimachidziwa. Lero ndazindikira kuti ndimadziwa zokhazo zomwe mwasankha kundiuza. Abambo ndi amayi ndawakhululukira msanga, chifukwa anabisa poteteza mwana wawo. Iwe sindinafike pokukhululukira, ndipo sindinama kuti ndafika.

Peyala yolimbayo ndinaiphwasula madzulo omwewo. Mayi wodula zikopa anatsala nane osandifunsa kanthu, ndipo tinaikamo kamtsamiro kofewa, pakati pake n'kusiyapo kadzenje kuti chilonda chisamakhudze. Kawilo ndakaikira malire, sikangapotozeke mpaka kuuma ngakhale munthu atakakamiza. Kapitawo akuti tiziteronso pa nsapato zina zonse zamtunduwu, ndiye usadzitame kuti wathandiza fakitale. A dalaivala ndawauza kuti katoni ya nsapato zatsopanozi akaipereke m'manja mwa amayi. Zako zija zili pansi pa bedi langa. Mtima ukadzaphwa mwina ndidzazikonza, koma osati mwezi uno.

Tsopano pempho langa ndi limodzi, ndipo likundilemera kulilemba. Uwakweze abambo panjinga yakoyo, upite nawo kuchipatala adokotala akaone chilondacho, ngakhale akane bwanji. Mukabwerako, madzulo aliwonse uzigwada pansi, uziwasambitsa phazilo, uziliyang'ana kunsi pamalo owala. Iwo salimva, amayi saliona bwino, ndipo mlamu wanga abambo sangamulole kuwagwira mapazi. Ukaona kufiira uzinena kuti kwafiira. Ukamva fungo uzinena kuti kukununkha. Usandiyesezerenso mawu a munthu, uzingondiuza zomwe waona ndi maso ako.

Ndakhala ndikuganiza ngati pali wina yemwe ndingamutume, ndipo palibe. Chibale n'fupa sichiola, amatero akuluakulu, ndipo ine ndatsala ndi iwe yemweyo wandinamiza.

Undiperekere moni kwa amayi, uwauze kuti zikomo potuluka panja ndi foni ija. Moni kwa mlamu wanga, kamwanako ukapsompsone m'malo mwanga. Azakhali ndi amalume uwauze kuti ndimawakumbukira. Abambo uwauze kuti sindinawakwiyire, koma nsapato zikubwerazi n'zawo, ndipo sizibwerekedwa.

Pa nsapato ndakugwira chifukwa zinabwerera m'katoni. Phazi la abambo silingakwere lole kuti ndidzalione ndekha. Ukandinamizanso, ndidzazidziwa mochedwa, adokotala atanena kale kuti palibenso phazi lolisokera nsapato.

Tsala bwino,
ndine mlongo wako wamkulu.