Malambe Awiri pa Chitenje

Lachinayi, mwezi wa Okutobala. Dzuwa linaswa mtengo, koma tsiku landikomera.

A Kamwendo, achiwiri kwa ahedi, anabwera kudzatseka kalabu yanga ya sayansi. Akuti za nyenyezi sizibwera pa mayeso. Sindinalimbane nawo. Ndinangowagwiritsa nsonga ya chitenje, ana atatu n'kugwira zinazo.

"Kokani, mutsinzine, bwana," ndinatero.

Asiyatu wa Fomu 3 anagubuduzapo malambe awiri amene ndinagula kwa Mponda. Ndinali nditawaswa kale pang'ono, choncho atagundana pakati ufa wake unamwazika.

"Chagwedera!" anatero a Kamwendo, ali chitsinzire.

Ndinawauza kuti nyenyezi ziwiri zakufa, zolemera koopsa, zikawombana kutali, mlengalenga mumagwedera chomwecho, makina a akatswiri n'kumva. Ufa womwazikawo ndi golide ndi zitsulo zina zolemera. Zimasakanikirana ndi fumbi la mu mlalang'amba, nyenyezi zatsopano ndi maiko n'kubadwira m'fumbilo. Tikadziwa kuti zimawombana kangati, tidzadziwa ngati golide yense anachokeradi kumeneko.

A Kamwendo anayang'anitsitsa mphete yawo ya ukwati. "Ndiye kuti iyinso?"

"Ngati ili yeniyeni, sala," Asiyatu anayankha. Ana anafa nacho chiseko.

Zotseka sanazitchulenso. Potuluka anati sabata yamawa abweranso kuti tidzaiyeze mpheteyo, ana aleke mwano.

Kalabu siitsekedwa, pamenepo ndilibe nkhawa. Koma mpheteyo ndinaiona pafupi, m'mbali mwake yayamba kusuluka. Lachinayi likubwerali kaya ndidzati chiyani, ana onse ali maso pa ine...