Pampu Sinafe

Loweruka madzulo. Dzuwa la Okutobala latiwotcha, koma lero ndigona wopambana.

Makina a khofi amene ndinagula kwa abwana opuma ntchito ku esiteti akhala akudzaza thanki ya nthunzi mpaka kulavula madzi. Alamu anga, amakanika a kufakitale ya shuga, anangoti, "Mlamu, pampu yafa iyi, tayani."

Kutaya? Ndamasula kachitsulo kamene kamamva kuti madzi akwana, ndipo ndakapeza katakutidwa ndi mchere wa madzi a pamjigo wathu. Ndakaviika m'madzi a mandimu, ndakapala, ndakabwezera. Madzi atakwana, pampu yaima yokha!

Kapu yoyamba ndapatsa alamu omwewo. Amwa, thukuta lili kamukamu, kenako akuti, "Ndimadziwa kale kuti ndi mchere."

Mawa akapempha yachiwiri, ndiwauza kuti pampu yafa.