Thumba la Thonje la M'mwala Musalimasule

Troodos,
9 Okutobala 1958

Achemwali anga a Myrofora,

Ndayamba ndi kufunsa za moyo wanu ndi wa onse pakhomopo. Kodi mawondo aja akukulolani kupita kutchalitchi? Ine ndilipo, kungoti chifuwa sichikundipatsa mpata. Kuchoka kumgodi kufika pomwe ndimagona ndimapumula kanayi.

Lolemba ndinapatsira dalaivala wa basi thumba lija munapempha, la thonje la m'mwala, lija Angerezi amati asibesitosi, loti musakanize ndi laimu popaka nyumba ya ukwati ya mwana wanu Kallistheni. Ndinalitumiza ndi mtima wabwino. Lero ndikulemba kuti musalimasule.

Mnzanga Evagoras, amene ndaswa naye miyala zaka makumi awiri ndi zitatu, tamuika dzulo. Anayamba ngati ine, kukhosomola kouma. Kumapeto ankagona chokhala, kukamwa kuli yasa ngati nsomba yovuulidwa. Ndi wachinayi pagulu lathu chaka chino. Dokotala wa kampani akuti ndi fodya. Achemwali, inu mukudziwa kuti ine fodya sindinamulawepo.

Mwezi watha kunabwera Mngerezi wopima miyala, ine n'kumamunyamulira chikwama. Anatiuza kuti phiri lonseli kalekale linali pansi pa nyanja. Madzi amchere ankalowa m'ming'alu, n'kukawira ndi moto wa pansi, n'kubwerera, kuzungulira choncho zaka zosawerengeka mpaka mwala unapsa, n'kusanduka wobiriwira ndi woterera ngati sopo. Thonje timakumbali akuti linamera m'ming'alu momwe munkadutsa madziwo. Evagoras anaseka mpaka kutsamwa, amvekere: “Bwana, ndiye bwanji sitinafukulepo ngakhale kansomba koti tidyere mkate?” Mngereziyo anasekanso, koma anasekera m'kampango kake kopukutira thukuta. Tsiku lonse sanakachotse pamphuno.

Ndinamufunsa ngati thonjelo limaola. Anati siliola, silipsa, ndipo n'chifukwa chake amaligula. Nditafunsa za kampangoko anayang'ana wotchi.

Ine sukulu ndinalekera panjira, koma dzulo pamanda mutu unagwira ntchito. Mkazi wa Evagoras, amene sanapondepo kumgodi, ankangochapa zovala za mwamuna wake, nayenso amakhosomola mpaka wansembe anaima kaye kumudikira. Chinthu chimene nyanja inachilephera, moto n'kuchilepheranso, chifuwa cha munthu chingachithe?

Ndikudziwa zimene anene alamu anga a Polykarpos. Anena kuti nkhalamba Sofronis yayambanso kulira ngati bulu wa m'dzinja. Anene. Ndi omwewo amene ananditsekera munda wa mphesa wa bambo athu, n'kundiuza kuti kuphiri kuli ntchito ya amuna. Ndinabwera, ndipo ntchitoyo ndi iyi ili m'chifuwamu. Za mundawo sindinaiwale, koma lero sindikupempha munda.

Ndikuwadziwanso kuumira kwawo. Lotsala popaka khoma adzati lisatayike, alisakanize ndi ubweya wa nkhosa tsiku limene azimayi adzasoke matiresi a mkwatibwi. Kenaka mudzagubuduzapo khanda monga mwa mwambo, oimba akuimba, fumbi loyera likukwera padzuwa, inu nonse mukuwomba m'manja. Chithunzi chimenechi sichikundichoka m'maso.

Pempho langa ndi limodzi. Thumbalo mulinyamule lomanga, mukalikwirire kuchigwa kuseri kwa mitengo ya azitona, kutali ndi chitsime. Khoma mupake laimu yekha ngati mmene ankapakira amayi athu. Likang'ambika lidzamatidwanso.

Paukwati musandiyembekezere. Njira ya kumudzi ndi yokwera, ndipo sindifuna kuti chifuwa changa chidzapikisane ndi oimba.

Mundiperekere moni kwa azakhali a Evanthia, kwa wansembe, ndi kwa mkwati amene sindinamuone. Alamu anganso muwapatse moni ngati angaulandire. Kallistheni mumuuze kuti malume ake mphatso alibe, kupatula kalatayi.

Thumba landitsogolera ndi masiku atatu, ndipo inu ntchito simuigoneka. Mundiyankhe ndi basi yomweyo, mawu awiri okha: kodi chingwe chake chidakali chomanga?

Ndine mlongo wanu,
Sofronis