Vinyo Amene Ndinameza

Kufupi ndi Narbonne,
France.
14 Okutobala 1997

Okondedwa achimwene Anselmo,

Pepani kuti ndikukuvutitsani ndi kalata, pomwe ndikudziwa kuti mumafika kunyumba mutatopa ndi msewu. Ndikanaimba foni, koma ya kuno ili m'chipinda chodyera, ndipo apongozi aakazi sachokapo. Ndalemba pang'onopang'ono kuti ndisalakwitse, inunso muwerenge mpaka kumapeto.

Ine ndili bwino. Mphesa tinamaliza kukolola ndipo zinabereka, koma palibe amene akusangalala, chifukwa ogula akuti vinyo wa kwathu ku Spain ndiye wotchipa, wa kuno ayambe wadikira. Anthu akamakamba za malole a mathanki obweretsa vinyoyo, ngati yanu ija, ndikangotulukira amatsitsa mawu.

Lamulungu titadya chamasana, apongozi aamuna, bambo Cazals, anatulutsa mabotolo awiri osalembedwa kanthu. Panali mwamuna wanga Aurélien ndi amalume ake, a Firmin, amene dzanja lawo linali lomanga bandeji. Anaika kandowa pakati pa tebulo. Mukudziwa mmene amachitira polawa vinyo: umanunkhiza, n'kumuyendetsa m'kamwa, kenako n'kulavula. Ine ntchito yanga imakhala kutsuka matambula, koma tsikulo bambo Cazals anati, "Khalani pansi, mpongozi. Lero tikufuna lilime la mlendo."

Vinyo woyamba anali wa m'munda mwawo. Ankanunkhira zitsamba za m'phiri dzuwa likaziwomba, anali wowawasa pang'ono, ndipo anandimanga lilime ngati chipatso chosapsetsa. Ndinalavula bwinobwino, ndinati ndi wabwino, ndipo sindinaname.

Wachiwiriyo ndinangomununkhiza, mtima unali kale pakhomo pathu ku Tomelloso. Anali wofunda, wofewa, wokoma ngati nkhuyu zimene amayi amayanika padenga, ndi kafungo ka mitsuko ikuluikulu yadothi ija imene bambo ankatsuka kuntchito kwawo. Achimwene, sindinaganize n'komwe. Ndinameza.

Onse anatembenukira kwa ine. A Firmin anasuzumira m'kandowa muja, kenako anayang'ana Aurélien.

"Mphwanga, mkazi wakoyu wathu amalavula, wakwawo amameza."

"Musiyeni, malume," anatero Aurélien, maso ali pa mbale.

"Ndani akumunena? Ndi vinyo wabwino ameneyo. Ngakhale msewu unamwa mpaka kukhuta."

Apa m'pamene ndinazindikira kumene botolo lija linachokera. Sabata yatha anthu anaimitsa lole ya ku Spain pa msewu wochokera kumalire, anatsegula mipope, vinyo yense n'kutayikira pa tala. Dalaivala anakana kutsika, ndiye anaswa galasi n'kumukokera panja. Akuti ali m'chipatala, nsagwada inathyoka. Tsiku limenelo Aurélien anandiuza kuti akukagula mankhwala a m'munda, koma anabwera chimanjamanja, nsapato zake zitafiira. Ndinazitsuka osafunsa kanthu.

Bambo Cazals anandithiriranso vinyo yemweyo. "Imwani, mwana wanga, musachite manyazi. Achimwene anu akuyendetsabe lole yobiriwira ija? Papita nthawi osationa."

"Sindikudziwa, bambo," ndinatero.

Apongozi aakazi anayankhira kukhitchini: "Tchizi chochokera kwa amayi ake chatsala kachidutswa. Chikamatha, mnyamata uja sachedwa kubwera ndi china."

Kenako a Firmin anafunsa ngati pobwera kuno mumakhoterabe pa kamsewu ka pamlatho wakale, kopanda nyumba kaja. Ndisanatsegule pakamwa, Aurélien anati, "Eya, n'komwe amadzera."

Mwamuna wangayu musamuone ngati munthu woipa. Sanandilankhulepo mwaukali, ndipo vinyo wa chaka chino akapanda kugulidwa, munda wa agogo ake upita. Koma kuyambira Lamulungulo akundikomera mtima mopitirira, mpaka dzulo anandigulira mpango popanda chifukwa, ndipo zimenezi ndi zomwe zikundiopsa. Amuna a m'mudzi muno akumakumana m'shedi ya a Firmin. Kuseri kwake aunjika matayala akale pa ngolo ya thirakitala, ndipo awafunditsa lona.

Ndiye pempho langa ndi ili. Muwapemphe abwana anu akupatseni ulendo wina, kaya wa ku Portugal, kaya wa kwina kulikonse. Akakana, musakhotere kuno, ndipo musadutse nokha. Akakuimitsani, chonde tsikani, apatseni makiyi, muime patali. Ndimaudziwa mtima wanu, simulola munthu kukugwirani malaya, koma vinyoyo si wanu, ndipo iwo adzakhala ambiri. Mukadzaona nkhope imene mukuidziwa pakati pawo, musadzaitchule dzina.

Amayi musawauze zimenezi. Mungowauza kuti ndanenepa, ndipo ndikuwasowa. Mundiperekere moni kwa alamu anga a Sagrario, ndi kwa ana onse, makamaka Fermina amene ndamva kuti wayamba sukulu. Ndinamulukira juzi yoti mudzamutengere, koma ikhale kaye kuno.

Yankho musatumize pakhomo pano. Mulembere kwa mayi Odile ogulitsa buledi, adzandipatsa pamanja. Chibwerereni kuno, tsiku lililonse ndinkatchera khutu kuti ndimve lole yanu ikukwera mtunda, ndipo panopa ndikutcherabe, koma ndi mantha. Chonde mundiyankhe msanga, ngakhale mzere umodzi wokha wonena kuti simubwera.

Ndine mlongo wanu,
Herminia