Sikisi Wachinayi pa Bolodi

14 Juni 2024

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Ine ndilipo, mwendo uja unasiya kutupa. Kalata yanu yomaliza inandipeza pa 9 Marichi chaka chatha. Sikuti ndikudandaula, ndangotchula poti tsikulo ndinalilemba.

Pali zimene ndachita kuntchito zoti ndikuululireni. Paja chimwalirireni mayi a kunyumba ndimakolopa m'chipinda cha makompyuta pa koleji pano. Kunyumba ndimangomva ketulo ikuwira, ndiye m'chipindamo ndi mmene ndimamvako mawu a anthu. Mumakhala ophunzira atatu okonzekera mpikisano. Amapatsidwa funso la masamu, iwo n'kulemba malangizo oti kompyuta iliyankhe sekondi isanathe. Malangizowo amati pulogalamu. Ine amanditchula ankolo, makamaka akafuna kuti ndisunthe ndowa.

Lolemba pa 3 Juni analemba pa bolodi mndandanda wa manambala umene umadzifotokoza wokha. Umayamba chonchi: 1, 2, 2, 3, 3, 4, 4, 4, 5, 5, 5. Mukafuna kudziwa kuti 4 alembedwe kangati, muyang'ane pamalo achinayi mumndandanda womwewo. Pali 3, ndiye 4 amalembedwa katatu. Pampikisano kompyuta iyenera kunena nambala ya pamalo alionse, ngakhale pa mabiliyoni awiri. Ine wa sitandade 7 ndinaukopera m'kope langa, n'kumauwonjezera nthawi yopuma. Pofika Lachitatu ndinali nditadzaza masamba asanu ndi anayi.

Mmodzi wa iwo, amene anzake amamuti Mtali, anali atalemba 6 katatu pa bolodipo. Koma pamalo achisanu ndi chimodzi pali 4. Pulogalamu yawo inkatulutsa 6 kanayi, monga ziyenera kukhalira, iwo n'kumayerekeza ndi bolodi, n'kumati yalakwa ndi pulogalamu. Masiku atatu anakhala akukonza chinthu chosawonongeka.

"Iwe Mtali, pulogalamu yakoyi ili ndi chibwibwi," anatero mtsikana wamagalasi, amene ndi mtsogoleri wawo. "Ikungobwereza sikisi."

"Ndiye ilembeni nokha, bwana mkubwa. Ine ndikagone."

"Ukagone? Unadzuka liti?"

Ndinaima kumbuyo kwawo ndi mopu, ndikufuna kuwaonetsa cholakwikacho. Ndinatsokomola kawiri. Mtsikanayo anangokweza miyendo kuti ndikolope pansi pa tebulo.

Akapitawo athu ali ndi lamulo lakuti wokolopa sakhudza bolodi, ngakhale kufufuta kumene. Wolakwira amamutumiza kuchipinda chapansi chosungiramo mipando yothyoka, kumene sikufika munthu. Ndinkalidziwa bwino lamulolo, sindinganame. Komabe Lachinayi, 7 koloko isanakwane, ndinatenga cholembera n'kuika sikisi wachinayi, wamng'ono, pambali pa anzake.

Aphunzitsi awo anamuona atangolowa, poti sikisi wanga ndi wakupulayimale, wozungulira bwino.

"Ndani walemba apa?" anafunsa. "Mtali, ndiwe? Wasintha yankho kuti ligwirizane ndi pulogalamu yako? Kumpikisano zimenezo amachotsa nazo munthu."

Mwana wa eni anayamba kulumbira. Pamenepo ndinaika mopu pansi.

"Ndine, aphunzitsi. Pepani. Pamalo achisanu ndi chimodzi pali 4."

Anawerenga ndi chala, kawiri konse. Kenako anati, "Ankolo akhoza. Pulogalamu yanu inali bwino kuyambira Lolemba."

Mtsikana uja anatembenuka, n'kundiyang'ana kumaso koyamba m'zaka ziwiri.

"Nanga 12 alembedwe kangati, ankolo?"

"Kasanu ndi kamodzi, mayi."

Anafunsa kompyuta, nayo inavomera. Anaseka mpaka kuvula magalasi. "Mtali, apatse ankolo mpando, iwe utenge mopu."

Achemwali, ndinakhaladi pampandowo, mphindi khumi ndi zinayi. Anandifunsa mafunso asanu ndi awiri, ndipo anatsegula kope langa tsamba ndi tsamba.

Pofika masana akapitawo anali atamva. Aphunzitsi anati akandilankhulira, koma ndi anthu otanganidwa, mwina ulendo wa kumpikisano unawaiwalitsa. Kuyambira Lolemba pa 10 Juni ndili kuchipinda chapansi chija. Kuli mipando 212 ndi kawindo kamodzi koonetsa mapazi a anthu odutsa. Ana aja ananyamuka Lachitatu, ndinangomva basi ikuliza injini. Mmene ayendera kumeneko sindikudziwa, ndipo kuno kulibe womufunsa.

Mundiperekere moni kwa alamu, ndi kwa ana mmodzimmodzi, ngakhale wamng'onoyo amene sanandionepo. Mukapeza mpata Lamlungu mundiimbireko foni, ndimakhala pakhomo tsiku lonse. Musavutike kufuna nkhani. Mungondifunsa kanthu kalikonse, ndiyankha.

Ndine mlongo wanu,
wotsatana nanu uja.